Mabuku athu saoloka ulalo wa Luangwa

Kucokera m'caka ca 2010 alembi a nkhani zopeka a dziko lino akhala akutibweretsera ulemu umene sitinauzolowere. M'caka cimeneco mai Ellen Banda-Aaku anapata mphoto ya Penguin ndi buku lao la Patchwork. Mu 2015 mai Namwali Serpell anatenga mphoto ya Caine, ndalama zake n'kugawana ndi anzao amene anali kupikisana nao, ndipo mu 2020 buku lao lalikulu, The Old Drift, linapatanso mphoto ya Arthur C. Clarke ku Britain. Mai Mubanga Kalimamukwento nao anapambana ku South Africa mu 2019 ndi The Mourning Bird, ndiponso ku America mu 2024. Onsewa ndi azimai, ndipo azibambo aja okonda kukamba pamowa kuti mkazi sangathe kanthu ayambe aganizapo. Ife tiwaombera m'manja.

Koma tatengani mapu a Zambia, aja a m'kalasi la Giredi 7, muwayale pansi, ndipo muike kamwala pa malo ali onse pamene nkhani za m'mabuku omvekawa zicitikira. Timiyala tidzaunjikana pa Lusaka. Tina tidzagwera ku Livingstone ndi ku Kariba. Tsono tsatani mseu wa Great East, mupitirire Chongwe ndi Rufunsa, mutsike mapiri a Manenekela, mufike pa ulalo wa Luangwa pamene azimai amagulitsa nsomba zouma ndi madengu. Mukaoloka mudzapeza kuti timiyala m'manja mukali nato koma poika palibe. Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, Chipata, Chadiza, Lundazi, cigawo conse ca kum'mawa cimene kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 2.4 miliyoni, m'mabuku amene anthu akunja akuwerenga kuti adziwe Zambia mulibemo.

Wina adzafunsa kuti, nanga cabvuta n'ciani? Nkhani ndi nkhani, munthu ndi munthu kuli konse, njala ya ku Matero ndi ya ku Vubwi iwawa cimodzi-modzi. Ife tikana. Malo m'nkhani si nsalu ija yopacika kumbuyo kwa anthu ojambulitsa cithunzi, imene wojambula angasinthe lero kuika ya mapiri, mawa ya nyanja. Malo ndiwo amauza munthu cimene angacite ndi cimene sangacite, amene angamudandaulire ndi amene ayenera kumuopa.

Citsanzo cabwino cili m'buku la a Binwell Sinyangwe, A Cowrie of Hope, limene linatuluka m'caka ca 2000. Nkhani yake njosabvuta kuifotokoza. Mai wina wamasiye wa kumidzi ya ku Mbala, Nasula, afuna ndalama zakuti mwana wake wamkazi apitirize sukulu. Katundu amene anali naye ndi mwamuna wake, abale a mwamunayo analanda. Cimene ali naco ndi thumba limodzi la nyemba. Alinyamula ulendo wa makilomita pafupi-fupi 1,000 kupita nalo ku Lusaka kaamba kakuti wamva kuti kumeneko nyemba zili ndi mtengo, ndipo pamsika munthu wina wobvala bwino amucenjerera, natenga thumbalo osalipira. Basi, nkhani ndi imeneyo. Koma yesani kuizula ku Mbala muone ngati idzaima. Nyemba za ku Mbala mai ali yense wa mu Lusaka amazidziwa ndi dzina ndipo amabvomera kuonjezerapo ndalama. Popanda mbiri imeneyo ulendo wonsewo ulibe mutu. Kutalika kwa mseu ndiko kucititsa kuti kubedwa kwa thumba limodzi kufanane ndi maliro, pakuti munthu sangabwerere mawa kukatenga lina. Dzina leni-lenilo la Nasula litanthauza amake Sula, monga mwa mwambo wa kumeneko woitana mai ndi dzina la mwana, motero nthawi ili yonse imene timva dzina lake tikumbutsidwa cimene akubvutikira. Ndipo nyengo yake ndi zaka za m'ma 1990, Namboard itathetsedwa kale mu 1989, makoparetivu atagwa, mlimi wa kutali atasiyidwa kuti adzifunire yekha msika.

Mlimi wa nshawa wa ku Chadiza amene sanapondepo ku Mbala, mutamuwerengera nkhani imeneyi, adzagwedeza mutu nanena kuti mai ameneyu ndimudziwa. Adzamudziwa cifukwa a Sinyangwe sanayese kulemba za mlimi wa mu Africa yense. Analemba za mai mmodzi, wa dera limodzi, ndi mbeu imodzi.

A Serpell nao, ngakhale buku lao limauluka mpaka kufika ku zaka zam'tsogolo, mapazi ake ali pansi. Dzina la bukulo ndi la kamudzi ka Azungu kamene kanali m'mbali mwa Zambezi kumtunda kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, kumene malungo anapulula anthu tauni ya Livingstone isanamangidwe, ndipo m'bukumo udzudzu weni-weniwo umalowerera kukamba nkhani. Muli damu la Kariba, limene pomangidwa m'zaka za m'ma 1950 linasamutsa Atonga okwana 57,000 mbali zonse ziwiri za mtsinje. Muli a Edward Mukuka Nkoloso, aja amene mu 1964 anauza dziko lapansi kuti Zambia idzatumiza anthu kumwezi. Ndipo muli Kalingalinga, komboni yeni-yeni, yochulidwa ndi dzina lake. Ena amang'ung'udza kuti mai ameneyu anacoka muno ali mwana mu 1989 ndi kukakulira ku America, ndiye adziwa ciani za komboni. Madandaulo amenewo sitigwirizana nao. Makolo anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ophunzira onse amene amapita pa mseu wa Alick Nkhata tsiku ndi tsiku, kuona anyamata akuocherera mageti ndi kupala mipando m'mbali mwa mseu, anali ndi zaka zonsezi zakuti alembe za Kalingalinga, ndipo palibe amene anawagwira dzanja.

Ticule pano kuti mwini dzina la mseu umenewo, woimba uja ndi muulutsi wa pa wailesi, anaphedwa mu October 1978 ku Mkushi pamene asilikali a Rhodesia anali kuphulitsa misasa ya omenyera ufulu m'dziko lino. Caka cimeneco ca 1978 ndico a Banda-Aaku anayambira nkhani yao, ndi kamtsikana ka zaka 9 kokhala m'mafulati a mu Lusaka ndi mai wake wokonda mowa, kamene atate wake olemera anakatenga kupita nako kufamu kwa mkazi wao wamkulu. A Kalimamukwento anatenga Lusaka wa zaka za m'ma 1990, wa maliro osatha ndi ana ogona m'misewu. Lusaka akulembedwa, ndipo akulembedwa bwino. Nsanje tilibe. Funso lathu nlakuti kwina kuja kwatsalira bwanji.

Cifukwa cimodzi ncodziwika. Alembi amakhala kumene kuli masukulu akulu-akulu, magetsi ndi intaneti, ndipo munthu amalemba zimene aona pa windo lake. Koma pali cifukwa cina cimene sitikonda kucikamba poyera, ndico mantha.

Tinaleredwa ndi mau akuti One Zambia, One Nation, ndipo anatithandiza. Boma la a Kaunda linali kutumiza mphunzitsi wa ku Mongu kukaphunzitsa ku Lundazi, nesi wa ku Katete kukagwira nchito ku Mwinilunga, ndipo anthu anakwatirana kotero kuti lero mwana mmodzi ali ndi ambuye ake ku zigawo zitatu. Cimbuya cathu ndi Abemba, ca mbewa ndi anyani, ca kuwazana ufa pamaliro, cazima moto wambiri umene m'maiko ena unatentha midzi. Zonsezi nzabwino. Koma zinatisiyiranso manyazi ena ake, akuti kuchula kwanu mokweza ndiko kuyamba tsankho la mitundu. Andale anaonjezera pabala pomwepo, pakuti mau onga "wako ni wako" ndi "umodzi kum'mawa" amamveka nyengo ya masankho cabe, ndipo amanunkha. Motero mnyamata wa ku Petauke amene afuna kulemba nkhani, akafika poti achule mudzi wao, mfumu yao ndi mtsinje wao, dzanja limanjenjemera. Amalemba kuti "m'mudzi wina wake wakutali."

Mudzi wina wake umenewu tauwerenga kambiri-mbiri, m'Cizungu ndi m'Cinyanja momwe. Uli ndi agogo okhala pamoto, ng'oma zolira usiku, mfiti imodzi ndi mtsikana wokongola wopita kukatunga madzi. Ulibe dzina, ulibe msika, sudziwa mtengo wa fetereza, ndipo basi siimako. Palibe munthu anabadwirako. Wolemba amaganiza kuti posachula malo walandira owerenga onse, koma zoona zake nzakuti sanalandire ali yense.

Onani cimene cimatayika. Titenge nkhani imodzi: bambo wamwalira, wasiya mkazi, ana atatu, ng'ombe zinai ndi munda. Ikani maliro amenewa m'mudzi wa Acewa ku Katete, kwa a Kawaza kapena kwa a Mbang'ombe. Kumeneko mwana ndi wa kucikazi. Mwina malemuyo anali mkamwini, munda umene anali kulima ndi wa mbumba ya mkazi wake, motero wamasiyeyo sacoka, ali pakwao. Amene ali ndi mau pa za sukulu ya anawo ndi atsibweni ao, ndipo mkangano udzabuka pa ng'ombe, pakuti abale a malemuyo adzati mwa mwambo cuma ca mwamuna cimapita kwa ana a alongo ake. Tsopano nyamulani maliro omwewo, muyende nao makilomita osafika 100, muwaike pakati pa Angoni a Mpezeni kufupi ndi Mtenguleni, kumene malowolo anaperekedwa. Ana ndi a kucimuna. Mkaziyo ndiye mlendo pamudzi, ndipo funso limene lidzamusowetsa tulo silikhala la ng'ombe ai, koma lakuti ngati acoka, ana adzatsala ndi yani. Pamwamba pa miyambo iwiriyi pali lamulo la boma la 1989 lokhudza cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo, limene limapatsa ana magawo 50 pa 100, mkazi 20, makolo 20 ndi ena odalira malemuyo 10, koma silikhudza malo a mafumu. Ndiye kuti pamaliro amodzi pakhoza kukhala mphwake wa malemu wogwira mwambo, mwana wophunzira wogwira pepala la kukhoti, ndi nyakwawa yogwira munda. Nanga ngati mwamunayo anali Mngoni ndipo mkaziyo Mcewa, monga zilili m'mabanja osawerengeka a ku Chipata? Apo ndiye pali buku lathunthu. Wolemba wa mudzi wina wake sangalembe ngakhale tsamba limodzi la nkhani imeneyi, cifukwa sadziwa amene ayenera kulira ndi amene ayenera kukwiya.

Cimodzi-modzi ndi kakambidwe. Liu limodzi cabe likhoza kukuuzani kumene muli. Buku la kusukulu limati "tsopano". Kondakitala wa minibasi ya ku Chawama amati "manje". Mai wa ku Nyimba amati "lomba", ndipo mukafika ku Lundazi mudzamva "sono". Popatsa moni, wina ati muli bwanji, wina muli tyani, wina muli uli. Angoni a Mpezeni anataya cilankhulo ca makolo ao a kumwera natenga ca akazi a Cinsenga amene anakwatira, kotero kuti mbiri ya nkhondo ndi maukwati ya zaka zoposa 150 imamveka m'kamwa mwa mwana wogulitsa vitumbuwa pa Kapata. Koma tikatsegula nkhani zambiri zolembedwa m'Cinyanja tipeza kuti onse, kuyambira mfumu mpaka ng'wang'wazi wa pa Intercity, akamba Cinyanja cimodzi, cosalala, ca m'katekisimu. Ng'wang'wazi wofunsa kuti "Kodi bambo mukupita kuti?" sitinamuonepo. Aphunzitsi ena amadula ndi inki yofiira liu lili lonse la m'tauni kapena la Cinsenga m'nkhani ya mwana wa sukulu, ati si Cinyanja ceni-ceni. Pa mayeso a galamala ali ndi mfundo. Koma m'kamwa mwa munthu wa m'nkhani, kudula liu limenelo ndiko kumulanda kwao. Oimba anazindikira zimenezi kale. A Paul Ngozi, amene anamwalira mu 1989, anaimba Lusaka m'cilankhulo ca Lusaka, ndipo oimba a masiku ano sapempha cilolezo kwa munthu.

Sikuti tilibe poyambira. Akulu-akulu akumbukira Poceza M'madzulo, pulogalamu ya a Julius Chongo pa wailesi ya dziko lino m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene mudzi wonse unali kuzungulira wailesi imodzi. Munthu mmodzi anali kukhala nkhalamba, mtsikana, mfumu ndi fisi, ali yense ndi liu lake, ndipo fumbi likabuka m'nkhani womvera anali kufuna kutsokomola. Nkhani zao zinali zolemera kotero kuti a Ernst Wendland, mphunzitsi wa ku seminale mu Lusaka, anazilemba ndi kuziphunzira kwa zaka zambiri. M'Cizungu, a Dominic Mulaisho anatulutsa The Tongue of the Dumb mu 1971, nkhani ya mudzi wa m'cigwa, mfumu yake, amishoni ndi milandu ya ufiti. Ndipo amene anaphunzira Cinyanja kusukulu anakula ndi mabuku a ku Malawi, onga Nthondo la a Samuel Ntara, limene linapata mphoto kale mu 1933, ndi Sikusinja ndi Gwenembe la a John Gwengwe. Ndi mabuku abwino, ndipo Acewa ndi amodzi, monga timaonera caka ndi caka ku Mkaika pamene mafumu a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera kudzalambira Kalonga Gawa Undi pa Kulamba. Koma mwana wa ku Sinda amene mabuku onse a m'cilankhulo cake amamuonetsa midzi ya tsidya lina la malire amakula ndi maganizo akuti zinthu zoyenera kulembedwa zimacitika kwina.

Pamene nkhani zili mbwee, zongofuna wozitola. Pafupi-fupi banja lili lonse la kum'mawa lili ndi mcona wake, agogo aja amene anapita ku Walale kukagwira nchito m'mafamu ndi m'migodi ya Southern Rhodesia osabwerako, kapena amene anabwera atakalamba ndi sutikesi imodzi ndi mkazi wokamba Cishona. Zidzukulu zao zikali ku Zimbabwe, zina sizidziwa ngakhale dzina la mudzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inali kuolokera m'midzi ya m'malire ku Chadiza, Katete ndi Petauke, anthu anali kugona m'thengo kuopa a Renamo, ndipo ku Ukwimi kunakhazikitsidwa msasa wa othawa nkhondo amene ambiri a iwo anali kukamba cilankhulo cimodzi ndi owalandira. Ana amene anathawa usiku umenewo atabelekedwa kumsana lero ndi anthu a zaka 40, ndipo nkhani yao ikali m'kamwa cabe. Ku Lundazi mu August 1964, miyezi iwiri ufulu usanafike, mwazi unakhetsedwa pa nkhondo ya ochedwa a Lumpa a mai Alice Lenshina, ndipo m'midzi ina anthu a mbali ziwirizo anapitiriza kutunga pacitsime cimodzi osakambapo kanthu. Kodi pali nkhani yoposa imeneyo?

Ngakhale za masiku ano. Mlimi wa thonje amatenga mbeu ndi mankhwala pa ngongole ku kampani, nalima miyezi isanu ndi umodzi osadziwa mtengo umene adzagulitsire. Mu 2012 mtengowo unagwa ndi theka ndipo ena anatentha thonje lao ndi mkwiyo. Ku Mfuwe njobvu imatha munda wa caka conse usiku umodzi, pamene tsidya la mtsinje mlendo walipira madola kuti aijambule njobvu yomweyo m'mawa. Mu Chipata, tauni imene kale inali ndi fakitale ya njinga, anyamata amapalasa njinga tsiku lonse kunyamula anthu pa keriya, ndipo amadziwa amene wagona kwa yani kuposa apolisi. Anthu a ku Chama anagona ali a kum'mawa, mu 2011 anadzuka ali a ku Muchinga, ndipo mu 2021 anabwezedwanso, iwo osasuntha ngakhale phazi limodzi. A Chongo akanakhalapo akanaseketsa nayo dziko lonse imeneyi.

Apa tiyenera kucenjezana, pakuti kukonda kwanu kulinso ndi msampha wake. Sitikupempha nkhani zotamanda kum'mawa. Imeneyo ndi nchito ya a zokopa alendo, ndipo ali ndi zithunzi zao za impi zobvina pa Nc'wala ndi dzuwa lolowa pa Luangwa. Wolemba amene adzaoloka ulalo uja moona mtima adzapeza mtsikana wa zaka 14 wocotsedwa sukulu kuti akwatiwe, mnyamata woweta ng'ombe za eni zaka zinai kuti apatsidwe imodzi, nkhalamba yothamangitsidwa pamudzi ati ndi mfiti, ndi nyakwawa yogulitsa munda umodzi kwa anthu awiri. Akalemba zimenezi, ndi maina a malo eni-eni, abale ake adzakwiya, adzati watibvula pagulu. Ndi bwino adziwiretu. Mudzi wina wake uja umakondedwa kaamba kakuti sukwiyitsa munthu, ndipo ndico cifukwa cake sukhala m'mutu mwa munthu.

Palinso nkhani ya Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005. Acinyamata ena amati za kumudzi sizilembeka cifukwa zili ndi zinsinsi, ndipo munthu akhoza kupalamula. Ife tiona kuti uku ndi kuthawa nchito. Za kudambwe nza kudambwe, ndipo wolemba wanzeru alibe nazo nchito. Nkhani ili kunja kuno: mai wa mu mpingo amene mwana wake walowa gule, mphunzitsi wocokera ku Kitwe amene kalasi lake latsala theka nyengo ya zinamwali, mkulu wa mpingo amene usiku amamva ng'oma mtima n'kumadumpha. Zonsezi zikhoza kulembedwa popanda kuulula kanthu kamodzi.

Ndipo tisanamizane kuti kwathu ndi kumudzi cabe. Tatulutsani reji yanu muione. Pali dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma. Mnyamata anabadwira ku UTH, wakulira ku Matero, Cinyanja cake ndi ca "manje", nsima ya mgaiwa imamupweteka m'mimba, koma khadi la m'thumba mwake likuti ndi wa mudzi wakuti-wakuti kwa mfumu Kalindawalo, kumene anapitako kamodzi cabe pa maliro a ambuye ake, ndipo anthu anamuseka pofuna madzi a m'botolo. Akadzamwalira, akulu adzakangana ngati aikidwe ku Chingwere kapena anyamulidwe pa lole usiku wonse kupita ku mudzi wa pa khadiwo. Kwao nkuti? Funso limeneli lili m'thumba la anthu mamiliyoni m'dziko lino. Nkhani ya kum'mawa siyambira pa ulalo pokha. Ina iyambira ku Mtendere, ku Kaunda Square ndi ku Garden, m'nyumba zimene thumba la nshawa limafika pa basi mwezi wa June ndi kakalata kopempha ndalama za fetereza.

Tsono amene adzasindikiza ndani? Patchwork linatuluka ku South Africa, The Mourning Bird ku Johannesburg, The Old Drift ku London ndi New York, ndipo buku la a Kalimamukwento la 2024 ku Pittsburgh. Sitiwaimba mlandu alembiwo, pakuti mbuzi imadya pamene yamangidwa. Koma mkonzi wa ku London ali ndi owerenga ake, amene amadziwa mathithi, njobvu, Edzi ndi mzinda waukulu. Kusiyana kwa mkamwini ndi mtengwa sakudziwa, ndipo adzapempha wolemba kuti afotokoze kapena acotse. Akafotokoza, nkhani imasanduka phunziro la Social Studies. Akacotsa, tabwerera ku mudzi wina wake. Ndipo bukulo likafika m'sitolo ya ku Manda Hill, mtengo wake ndi wa thumba la ufa kapena kuposa. Kale a NECZAM anali kusindikiza timabuku tating'ono m'zilankhulo zathu, totsika mtengo. Osindikiza a masiku ano maso ao ali pa mabuku a silabasi, cifukwa ndiwo ali ndi wogula wotsimikizika.

Ngati ndi tero, a unduna wa maphunziro ndi a bungwe la mayeso ali ndi mphamvu imene mwina saidziwa. Buku limodzi latsopano la Cinyanja, lolembedwa muno, likaikidwa pa mndandanda wa mabuku a mayeso, wosindikiza adzalithamangira yekha ndipo wolemba adzadya. Tipempha kuti mndandandawo uziunikidwa kawiri-kawiri, ndi kuti posankha asaope buku limene anthu ake akamba monga akambira pa msika.

Koma njira yapafupi koposa ndi ija a Chongo anapitamo. Lero pafupi-fupi boma lili lonse kum'mawa lili ndi wailesi yake: Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, Chikaya ku Lundazi, Mphangwe ku Katete, Explorers ku Petauke. Mawailesi amenewa amamveka m'midzi imene buku silifika, ndipo amapeza nthawi ya mauthenga a maliro, ya alaliki ndi ya ogulitsa mbeu. Mphindi 30 pa sabata, madzulo anthu atadya, zikhoza kupezeka. Aitane aphunzitsi, manesi, opalasa njinga ndi ana a sukulu kuti atumize nkhani zao, polemba kapena pojambula mau pa lamya. Wolemba alipidwe, ngakhale ndalama zokwana thumba limodzi la fetereza, ndipo makampani ogula thonje ndi fodya, amene amapeza phindu m'midzi yomweyo, sangalephere kulipirira zimenezo. Nkhani zabwino za pa caka zisonkhanitsidwe m'kabuku kogulitsidwa pa Kulamba ndi pa Nc'wala, kumene anthu zikwi-zikwi amabwera ndi ndalama m'thumba. Lamulo la mpikisanowo likhale limodzi cabe: nkhani ichule mudzi kapena komboni, ichule mtsinje umene anthu ake amaoloka, ndi msika kumene amagula mcere.